Wakuba wa nambala 14

Teremu yathayi, kusukulu yathu ya uphunzitsi, Madamu anatipatsa ntchito yoti aliyense akonze phunziro loika pa intaneti, loti mwana wa Sitandade 5 atha kulitsegula pa foni ya mayi ake n'kumaphunzira yekha. Ine ndinasankha mitsinje ndi nyanja ya Malawi. Nanga wokulira ku Senga Bay n'kusankhanso chiyani?

Vuto langa ndi kompyuta. Zala zangazi zinazolowera nkhafi ndi choko basi. Ndiye ndinalemba zonse m'kope, n'kukapereka kwa mnyamata wina wotayipa pa Kamuzu Road kuti akamaliza atumize yekha kwa Madamu. Zoti ndione kaye zomwe wapanga, ayi ndithu, minibasi inali pafupi kundisiya.

Tsiku logawana ntchito zoti tiunikane, Madamu anachotsa mayina onse n'kuika manambala. Timapepala m'chipewa, aliyense atoleko tiwiri. "Muyambe ndi zabwino ziwiri, kenako chimodzi chofunika kukonza. Muunike ntchito, osati munthu. Wotola yake anene msanga." Kamodzi mwa timene ndinatola ine kanali 14.

Usiku nditagula bandulo ndinaitsegula. Kukongola kwake! Zilembo zobiriwira, mapu, kabwato koyenda kokha pamwamba pa tsamba. Ndinachita kansanje pang'ono. Koma pa tsamba lachiwiri mtima unati phaa. Chitsanzo cha usipa woyanika pa thandala, changa. Funso la mphepo ya mwera, langa. Ngakhale kanthabwala ka ndevu za kampango, komwe ndinakaganizira masiku atatu, kali momwemo. Andibera! Ndinayamba kuwerenga pa zala onse amene anagwirapo kope langa.

Kenako tsamba lachisanu: "Mitsinje yothira m'nyanja ya Malawi: Linthipe, Bua, Dwangwa, Shire." Ndinaseka mpaka mayi akunyumba anadzuka n'kufunsa ngati ndayamba kumwa. Wakubayu kukopera komwe sadziwa!

Ndinalemba ndemanga mokhuta ndithu. "Chabwino choyamba ndi mtundu wa zilembo. Chachiwiri ndi kabwato. Zina zonse n'zakuba, ndipo mwini wake ndikumudziwa. Komanso achimwene, kaya ndinu achemwali, Shire sathira m'nyanja, amatuluka. Amachokera ku Mangochi, n'kudutsa nyanja ya Malombe mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Izi ngakhale wogulitsa mandasi pa depoti akuuzani. Ana athu musatiphere." Ndinawerenga kawiri, n'kuwonjezera kuti munthu wotere asayandikire bolodi.

Lolemba Madamu anati awerenge ndemanga imodzi ngati chitsanzo cha mmene sitiyenera kulembera. Atangoyamba ndinaizindikira, koma ndinakhala mwamatama, manja pachifuwa, maso pa mnzanga wina yemwe ndinkamukayikira.

"Tsopano mwini nambala 14 aimirire," anatero, n'kuyang'ana pa mndandanda. Anakhala chete. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. "Bambo, inu mwatola 14?"

"Eya, Madamu."

"Nanga 14 ndi yandani?"

"Ya wakuba, Madamu."

"Ndiye imirirani kawiri."

Kalasi inaphulika. Wina anagwa pa benchi, mnzanga ndinkamukayikira uja akupukuta misozi ndi taye. Ine ndinalimbabe mtima, ndinati ndi wotayipa uja wasokoneza. Ndinatulutsa kope kuti ndiwaonetse umboni, anthu n'kuunjikana. Pa tsamba lachisanu, ndi dzanja langa lomwe, Shire ali pomwepo, ndipo ndinachita kumudulira mzere kunsi.

Chinandipweteka kwambiri si kuseka. Ntchito iliyonse inali ndi ounika awiri, ndipo wachiwiri, mayi wina wofatsa wa ku Nkhotakota, analemba kuti zitsanzo za usipa n'zabwino chifukwa ana akunyanja amaziona tsiku ndi tsiku, mafunso ndi omveka, kungoti Shire atembenuzidwe ayang'ane kumwera. Mizere itatu yokha, yopanda mwano.

Lamulo linali loti ukakonza ntchito uyankhe ounika onse awiri. Ndinapempha kuti wina ndimudumphe, Madamu anakana. Ndiye ndinakhala pansi n'kulemba: "Ndikuthokoza wounika woyamba pondikumbutsa za Shire. Za kuba ndafufuza, tinakambirana, nkhani inathera pakhomo."

Madamu analemba m'munsi ndi cholembera chofiira: "Mwakhululukirana?"