Mmene ndimadutsira mayeso 80 a Octo Expansion mu Splatoon 2

Splatoon 2 ndi gemu yoomberana inki ya pa Nintendo Switch, ndipo ambiri amaidziwa chifukwa cha nkhondo za pa intaneti, anthu anayi uku anayi uko, mphindi zitatu basi. Mu June 2018 Nintendo inatulutsa gawo lowonjezera la Octo Expansion, losewera munthu mmodzi, ndipo analilimbitsa dala. Ubwino wake wagona pomwepo. Pa intaneti mukagonja simudziwa chimene chakugwetsani, chifukwa zambiri zimachitikira pamodzi. Muno mayeso alionse amatenga luso limodzi lokha n'kukupanikizani nalo mpaka manja atazolowera.

Ndisanatsike masitepe a siteshoni yapansi panthaka ku Inkopolis Square, bwalo lalikulu la mzinda wa m'gemuyi, ndimayamba ndakonza kayendetsedwe ka kamera. Ndimasiya motion control ili yoyatsa, kuti kuloza m'mwamba ndi pansi kuchitike popendeketsa chogwirira m'manja, ndodo yakumanja itsale ya kutembenukira. Liwiro lake limasinthidwa kuyambira -5 mpaka +5, ndipo la pa TV ndi la m'manja amalisunga padera, choncho konzani onse awiri. Batani la Y limabweza kamera pakati. Mukaliiwala, mudzapezeka mwapinda mikono ngati mukufinya chovala, mfuti ikuloza kukhoma.

Mumasewera ngati Agent 8, Octoling (munthu wa mtundu wa octopus m'gemuyi) amene waiwala mbiri yake yonse. Telefoni yolankhula ya pa siteshoni yaikulu imakuuzani kuti mukasonkhanitsa zinthu zinayi zotchedwa thang mudzalowa m'dziko lolonjezedwa. Sitima ya Deepsea Metro ili ndi njanji khumi, A mpaka J, ndipo siteshoni iliyonse ndi mayeso. Mukapambana, masiteshoni oyandikana nawo amatseguka, ndipo pamene njanji ziwiri zadutsana mumapeza njanji yatsopano. Ine ndimathamangira mphambano zimenezi kaye. Mapu akatambasuka mumakhala ndi kolowera kwina siteshoni ina ikakukanikani, m'malo mogunda mutu pakhoma limodzi.

Kulowa mayeso n'kolipira, ndipo ndalama zake ndi mapointi a CQ. Pakhomo nthawi zambiri pamakhala zida ziwiri kapena zitatu zoti musankhe, ndipo chida chovutirapo chimapereka mapointi ochuluka. Ulendo woyamba ndimatenga chimene gemu yalimbikitsa, dyera ndimalisiya. Mwayi woyesanso umene mayesowo amakupatsani ukatha wonse, mutha kulipira kuti mupitirize kuchokera pa checkpoint yomaliza (malo amene gemu imasunga pomwe mwafika), kapena kuyambiranso. Ngati mayesowo ndi aafupi, kulipira checkpoint n'kutaya mapointi. Ngati ndi aatali ndipo mbali yovuta mwaidutsa kale, lipirani. Mapointi akatheratu musade nkhawa, Pearl, woimba wa m'gemuyi amene amakuthandizani paulendowu, amakubwerekani, masewera saima.

Pamene anthu ambiri amataya mtima ndi pa mpira wa nambala 8. Muyenera kuukankha ndi inki mpaka kumapeto, ndipo ukagwa m'mphepete, kondakitala C.Q. Cumber amaphulitsa bomba limene lili kumsana kwanu, mwayi umodzi n'kutha pomwepo. Chinsinsi chake n'choti mpira umapita kumene inki yaukankhira kuchokera pamene mwaima. Ndiye sindiuwongolera ndi mfuti, ndimauwongolera ndi mapazi. Ndimazungulira mpaka ine, mpira ndi komwe ndikuufuna tili pamzere umodzi, kenako ndimagunda ZR, batani loombera, kamodzi kapena kawiri n'kusiya. Kugwirira batani ndiko kumaupatsa liwiro loti simungaubwezenso. Ukayamba kupatuka, ndimasambira m'inki ndi ZL n'kukautchingira kutsogolo, n'kuuombera pang'ono kuti uime. China chimene chimagwetsa ambiri ndi adani. Mdani akaima kuseri kwa mpira, zipolopolo zanu zimagunda mpirawo iye asanakhudzidwe. Ndimausiya pamalo athyathyathya, ndikasese njira yonse, kenako ndiubwerere.

Mayeso oswa zandamale muli panjanji yotsetsereka amafuna kuloweza, osati changu. Maulendo awiri oyamba sindiwerengera zopambana, ndimangoona kuti chandamale chiti chimatulukira mbali iti ndiponso polumphira kupita panjanji ina ndi pati. Kamera ndimaitembenuza chandamale chisanaonekere. Ndi mfuti ya charger, yomwe imadzaza mphamvu mukagwirira batani n'kuombera mukalisiya, chala chimagwira ZR nthawi yonse imene ndikuyenda kuti ikhale yodzaza, chifukwa ikadzaza imafika patali ndipo imaboola n'kugunda china chakumbuyo.

Pali mayeso ena amene inki amakupimirani, moti kusambira m'inki yanu sikudzaza thanki ya inki ngati mmene kumachitira nthawi zonse. Apa chizolowezi cha pa intaneti chopaka paliponse ndicho chimakuphani. Ndimapaka kamzere kopyapyala kongokwanira kusambiramo, adani amene sakutseka njira ndimangowadutsa. Mayeso osema mabokosi kuti afanane ndi chitsanzo ndi a kudekha chabe: bokosi limodzi lolakwika likasweka mwalephera, choncho ndimaombera ndili pafupi, kumbuyo kwa bokosilo kulibe lina lofunika.

Siteshoni ya Girl Power Station ili ndi mbiri yoipa pakati pa osewera, ndipo mbiriyo ndi yoona. Mumateteza mpira wowala kwa ma Octoling amene amabwera motsatizana mpaka nthawi itatha. Kulakwa kwake ndi kuima pambali pa mpirawo, chifukwa moto wonse wolunjika kwa inu umagweranso pa iwo. Ndimawachingamira patsogolo, ndimayamba ndi amene mfuti yake ikufika patali, ndipo pakakhala kampata ndimapakanso pansi. Adani amasambira m'inki yawo ngati inu nomwe. Mukawalanda pansi, mwawalanda miyendo. Phunziro limeneli ndi limene limapambanitsa nkhondo za pa intaneti, koma kumeneko palibe amene amakuimitsani kuti mulione bwino.

Mukalephera kawiri, mwayi wonse n'kutha, gemu imakulolani kupempha Marina, mnzake wa Pearl, kuti alowerere makina n'kukudumphitsani mayesowo. Ena amati n'zamanyazi. Ine sindiona choncho. Ndimadumpha ngati siteshoniyo yanditsekera njanji yonse, podziwa kuti ngongole ilipo: mem cake, kachikumbutso kamene siteshoni iliyonse imapereka, simukalandira kenikeni mpaka mutabwerera n'kupambana nokha. Ma mem cake amenewa mukawakwaniritsa m'magulu, Iso Padre, yemwe amakhala m'sitima, amakupatsani zovala zokavala pa intaneti. Ndipo nthawi zambiri mayeso amene anakukanikani poyamba amafewa mukadutsa ena khumi, popeza luso lake mwalitola kwina.

Simufunika masiteshoni onse 80 kuti muone mapeto a nkhani. Ma thang anayi akakwana, zimadziwika kuti ndi zidutswa za makina ogayira, ndipo dziko lolonjezedwa lija linali msampha. Kuchokera apo mumathawa kukwera kumtunda, chigawo ndi chigawo, ndipo koyambirira mulibe chida chilichonse. Pamenepo ndimasambira pang'onopang'ono, ndodo nditangoikankha theka, chifukwa kusambira mothamanga kumavundula inki ndipo adani amakuonani. Zida zimabwerera pang'onopang'ono, kenako mumalimbana ndi Agent 3, ngwazi ya gemu yoyamba ya Splatoon, amene maganizo ake alandidwa.

Nkhondo yomaliza ndi yopaka inki chifanizo chachikulu cha NILS m'mphindi zitatu, pophulitsa mabomba 30 amene Marina amaponya pathupi pake. Amabwera m'magulu, mbali ndi mbali. Bomba limodzi lotsalira kumbuyo ndilo limadya nthawi, choncho sindichoka mbali imodzi ndisanaonetsetse kuti ndamaliza, ndipo njanji zozungulira chifanizocho ndimaomberamo ndili pa ulendo, osatsika. Mukatha apa, mutha kusewera ngati Octoling pa intaneti.

Amene wapambana mayeso onse 80 yekha, popanda ngongole ya Marina yotsala, loka ya pa siteshoni yaikulu imamutsegukira, ndipo mkati mwake muli Inner Agent 3, nkhondo yovuta kuposa zonse m'gemuyi. Ameneyu amazemba zipolopolo pogudubuzika ndipo amatulutsa zida zapadera motsatizana. Kumuthamangitsa n'kudzipereka. Ndimasunga kachigawo ka inki yanga pafupi ndi pobisalira, ndipo chovala choteteza chikasweka sindituluka mpaka chitabwerera, chifukwa kugundidwanso chisanabwerere ndi imfa. Bomba ndimaponya ndi R pamene akukathera kugudubuzika, osati pamene waima, kenako ndimaombera akungodzuka. Mphoto yake ndi Golden Toothpick, kachitsotso kagolide kovala kumutu, kamene mukakaona pa mdani pa intaneti mumadziwa kuti munthuyo anadutsa m'loka muja.