Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mitu iwiri pagalasi

Mimba yachitatu inandizunguza mutu. Miyezi inayi yokha chitenje chinali chitayamba kale kuperewera, ndipo amayi anzanga kumjigo ankandifunsa ngati ndinawerenga bwino miyezi. Apongozi anga yankho anali nalo: "Mwana wanga, iwe unadya nthochi zomatana." Ndinaseka, koma usiku umenewo tulo sindinatione.

Kusikelo anamwino anayeza mimba ndi tepi, n'kubwerezanso, kenako anandilembera kalata yoti ndikaunikidwe kuboma ku Chikwawa. Unali mwezi wa Okutobala. Amene anakhalako kuchigwa kuno akudziwa dzuwa lake, moti pofika pa kabaza ndinali nditanyowa ngati ndawoloka Shire.

Pagalasi ine ndinkangoona utsi. Adokotala analoza ndi cholembera: "Mutu uwu, mayi. Wina ndi uwu." Pakati pawo panali kakhoma kopyapyala. Aliyense anali ndi thumba lake la madzi, mchombo wake ndi nsengwa yake. Anati zikatere nthawi zambiri ndiye kuti mazira awiri anakhwima mwezi umodzi, ndipo anawo akhoza kusiyana nkhope ngati abale wamba, mwinanso wamwamuna ndi wamkazi. Mapasa ofanana aja amachokera ku dzira limodzi logawikana. Ambiri a iwo amagawana nsengwa imodzi, ndipo ndi amene achipatala amawadera nkhawa kwambiri, poti magazi amatha kumapita ochuluka kwa mmodzi, mnzake n'kumaperewera.

Za nthochi sanatchuleko.

Anandichenjezanso kuti mapasa amakula bwinobwino mpaka cha m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, kenako malo amawachepera, ndipo ambiri amabadwa cha pa masabata 36 kapena 37, safika 40. Mapiritsi owonjezera magazi aja, amene pa mimba zoyamba ndinkawabisa kudenga chifukwa cha nseru, ulendo uno ndinkamwa osaphonya.

Usiku ndinkagona pakhonde, pamkeka, neti ili pamwamba. M'pamene ndinawadziwa. Wakumanja ankandiponda m'nthiti ndikangotembenuka. Wam'munsiyo anali wofatsa, mpaka nthawi zina ndinkamugwedeza ndi dzanja kuti andiyankhe.

Bambo a ana nditawauza anakhala chete kwa nthawi ndithu, maso ali kukhola. Kenako anafunsa kuti kuchidikiro anati ndikafike liti, poti mvula ikayamba msewu wathu suyendeka, ndipo mbuzi imodzi inayenera kugulitsidwa msika wa Loweruka usanadutse.