Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Burnout 3 M'kachipinda ka Magemu ku Matawale

Gawo lapita lija linathera pamene achimwene anandisiyira kachipinda kawo ka magemu ku Matawale, momwe munali ma PlayStation 2 ndi ma TV akale aja, otupa kumbuyo. Ambiri olowa mmenemo ankadzera mpira. Koma panali chimbale chimodzi chomwe chinkachititsa kuti ngakhale odutsa pamsewu asuzumire pakhomo, ndipo ndicho chinandiphunzitsa ntchito yonse ya m'chipindamo, kuyambira kulangiza wosewera mpaka kusamala makina. Dzina lake ndi Burnout 3: Takedown.

Gemuyi inatuluka mu 2004. Anaipanga ndi a Criterion Games a ku Guildford, ku England, ndipo oigulitsa anali a Electronic Arts, omwe anagula kampani ya Criterion chaka chomwecho. Isanabwere iyi kunali Burnout ya 2001 ndi Burnout 2: Point of Impact ya 2002, koma yachitatuyi ndi yomwe inasandutsa kugundana kukhala chida chopambanira mpikisano. Magalimoto ake ndi ongopeka, mulibe Toyota kapena Nissan ngati mu gemu ina ya magalimoto ya Gran Turismo 4, ndipo amaphwanyika mpaka matayala kuthothoka. Mulibe anthu oyenda pansi ndiponso simuona magazi. Mbali yaikulu ya gemuyi, yotchedwa World Tour, ili ndi mipikisano 173 m'zigawo zitatu: USA, Europe ndi Far East.

Wongoyamba kumene amaona ngati ndi gemu ya chisawawa, yongoponda moto n'kumagunda chilichonse. Ayi ndithu. Liwiro mu Burnout limagulidwa, ndipo mtengo wake ndi kuika galimoto pachiswe mwadala, koma mowerengera.

Mabatani ofunika ndi ochepa. X ndi moto, batani la bokosi ndi buleki, R1 ndi boost, ndipo kandodo ka kumanzere ndi chiwongolero. Boost ndi kamzere ka moto kamene kali pansi pa TV chakumanzere. Mukadina R1 galimoto imafwamphuka, zinthu za m'mbali zimachita chizimezime, koma kamzereko kamanka nikatha. Kuti kadzadzenso muyenera kuyenda mbali ya magalimoto obwera kutsogolo kwanu, kudutsa pafupi penipeni ndi galimoto ina osaikhudza, kutsetsereka pakona, kudumpha pa chitunda, kapena kukhulana ndi amene mukupikisana nawo. Woyenda mwaulemu kumbali kwake sapeza kanthu, ndipo amatsala.

Apa pali msampha wa ife a kuno. Diso lathu linazolowera kumanzere chifukwa ndimo timayendera pa M3, kaya ukulowera ku Blantyre kaya ku Liwonde. M'misewu ya USA ndi Europe ya mugemuyi magalimoto amayenda kumanja, choncho mwana akakhala kumanzere poganiza kuti ali kwake, amakhala ali pakati pa obwera. Ku Far East zimatembenuka n'kukhala ngati kwathu. Njira yosasokoneza ndi kusiya kuganiza za kumanja ndi kumanzere, n'kumayang'ana nyali. Zoyera ndi za galimoto yobwera, zofiira ndi za yomwe mukulowera nayo kumodzi. Pa liwiro la boost nyalizo zimayamba kuoneka ngati timadontho patali, thupi la galimoto lisanaoneke, ndipo nthawi yosankha mpata ndi imeneyo. Mukadikira kuti muone galimoto yonse, mwachedwa kale.

N'chifukwa chake langizo lomwe ndinkalibwereza tsiku lililonse linali loti, "Mphwanga, chotsa maso pa galimoto yako, yang'ana kumene msewu ukuthera." Galimoto yako sipita kwina, ili pompo pakati pa TV. Choopsa chili kutsogolo. Ena amasintha kamera ndi batani la makona atatu kuti aone ngati akhala pa bampala. Kumeneko msewu umaoneka bwino, koma wopikisana naye akafika m'mbali simumuona, ndiye kwa woyamba kamera ya kumbuyo ndiyo yabwino.

Pakona musachotse chala pa X. Yambani kukhota, kenaka gundani buleki kamodzi kokha, mwachidule. Kumbuyo kwa galimoto kumataya, galimoto n'kuyamba kutsetsereka chammbali. Mukaona kuti mphuno yaloza potulukira, bwezani chiwongolero pang'ono n'kudina R1. Zolakwika zimakhala ziwiri: kukanikiza buleki nthawi yaitali, komwe kumapha liwiro lonse, ndi kuyamba kutsetsereka mutalowa kale m'kona, komwe kumakukhulitsani kukhoma la kunja. Makona ena amapindika motsatizana ngati a msewu wokwera ku Ku Chawe, moti potuluka m'kona yoyamba muyenera kukhala mutaikonzekera kale yachiwiri. Palinso mivi ikuluikulu yowala yomwe imatseka misewu ina. Kwa inu miviyo ndi khoma, ndipo mutha kuitsamira osachita ngozi, koma magalimoto wamba amaiboola n'kutulukira mwadzidzidzi. Pa mphambano zotere musamatirire ku miviyo.

Tsopano takedown, yomwe ndi mtima wa gemuyi. Takedown ndi kugwetsa mnzanu wopikisana naye mpaka galimoto yake iphwanyike. Mphotho yake ndi yaikulu: kamzere ka boost kamadzadza, komanso kamatalika, mpaka kufika kanayi kuyerekeza ndi poyamba. Inu mukachita ngozi, chigawo chimodzi chimaduka. Ndiye munthu wa takedown zitatu amakhala ndi moto wokwanira msewu wautali, pamene mnzake wangozi akungodina R1 pa kamzere kouma.

Kagwetsedwe kodalirika ndi ka m'mbali. Musafanane naye ndendende. Ikani mphuno ya galimoto yanu cha pa chitseko chake chakumbuyo, onetsetsani kuti mbali inayo kuli khoma, chipilala cha mlatho kapena basi, ndipo mukhotere kwa iye muli pa boost. Wothamanga kwambiri ndi amene amapambana pokankhana, choncho kumugunda wopanda boost n'kungomukwiyitsa. Mudzaona kachizindikiro ka pamwamba pa galimoto yake kakufiira, ndipo akafiira amakusakani. Njira ina ndi kumugunda kumbuyo muli pa boost, makamaka akamalowa m'kona kapena kutsogolo kwake kukakhala thiraki. Iyi imafuna kusamala chifukwa akaphwanyika, zidutswa ndi magalimoto omwe wawaomba zimagwera mu njira yanu yomweyo. Ndipo musayese kumukankhira kumene inunso mulibe pothawira. Ana ambiri amapanikiza mnzawo ku chipilala n'kukathera onse pomwepo.

Takedown ikachitika kamera imakusiyani n'kukaonetsa mnzanuyo akugubuduzika, uku gemu ikukuyendetserani galimoto. Anthu amakuwa, wosewera amatembenuka kuti aone anzake, ndiye kamera ikabwerera amapezeka wayang'anizana ndi thankala. Chala chikhalebe pa X ndipo maso asachoke pa TV. Amene akusaka mendulo ya golide akhoza kuizimitsa kamerayi mu options, ngakhale kuti m'chipinda cha anthu ambiri sindinkalola, poti oonerera amadzera chomwecho.

Mukachita ngozi, mpikisano sunathe. Gwirani R1 ndipo zonse zimayamba kuyenda pang'onopang'ono. Pamenepo mutha kuwongolera chiphakasa cha galimoto yanu ndi kandodo kaja, kuti chikagwere kutsogolo kwa amene akubwera kumbuyo. Zimenezi amati aftertouch. Mukamukola mmodzi, imawerengedwa ngati takedown ndipo boost yanu siduka. Pa ngozi iliyonse, musataye pansi padi, choseweretsera cha m'manja chija, yang'anani kaye amene akubwera.

Dziwaninso kuti magalimoto a kompyuta satsalira kutali. Ngakhale muthamange bwanji, amakupezani, ndipo mukatsalira amakhala ngati akukudikirani. Choncho kuwotcha boost yonse poyamba sikupindula. Gwiritsani ntchito chiyambi cha mpikisano kutalikitsa kamzere ndi ma takedown, muli m'gulu la magalimoto onse 6, ndipo moto wambiri muusungire kumapeto. Pa mpikisano wa Eliminator, pomwe wotsalira pa kuzungulira kulikonse amachotsedwa, chofunika n'kusakhala womaliza podutsa pamzere. Pa Road Rage palibe za nambala wani, mumangowerenga amene mwawagwetsa nthawi isanathe kapena galimoto isanatheretu, ndiye kuthamangitsa kwambiri n'kungodziphera galimoto. Burning Lap ndi inu nokha ndi wotchi, ndipo golide amafuna kuti R1 isapume, zomwe zimatheka pokhapokha mukakhala mbali ya obwera pafupifupi njira yonse.

Chomwe chinkadzadza chipinda madzulo ndi Crash. Muli mphambano 100. Amakupatsani galimoto imodzi ndi msewu wodzadza, ndipo ntchito yanu ndi kuwononga katundu wa madola ochuluka momwe mungathere. Kamodzi sikatenga nthawi, choncho anthu ambiri amatha kulandizana padi imodzi pa Party Crash, aliyense n'kuyesa mphambano yomweyo. Kwa woyang'anira chipinda, imeneyi inali njira yabwino yokhazikitsira mtendere pamene ofuna kusewera achuluka kuposa makina.

Musanayambe, kamera imauluka pamwamba pa mphambano yonse. Ambiri amadina batani kuti idutse msanga, ndipo amataya mendulo pomwepo. Pamenepo ndi pomwe mumaonera kumene kuli zizindikiro zoyandama. Pali za ndalama, pali cha x2 ndi cha x4 zochulukitsa zonse zomwe mwawononga, ndiye pali cha mtima wosweka, Heartbreaker, chomwe chimadula ndalama zanu pakati. Nthawi zambiri opanga gemu anachiika dala pafupi ndi njira yopita ku x4. Pa mphambano zambiri golide amagona pa x4, moti ngozi yaing'ono yokhala ndi x4 imaposa chingozi chachikulu chopanda kanthu. Sankhani njira yanu poyambira pa chizindikirocho n'kumabwerera m'mbuyo: ndigunde chiyani, ndipo ndichigundire mbali iti, kuti chiphakasa changa chikathere pamenepo?

Gundani chinthu chachitali, basi kapena thiraki ya ngolo, chakumbuyo kwake kuti chipingase msewu. Kagalimoto kakang'ono kamangouluka n'kusiya njira yotsegula. Mukatero gwirani R1 ndi kukankhira chiphakasa chanu ku mbali ina ya msewu kuti nakonso kutsekeke. Magalimoto okwanira akawombana, gemu imakupatsani Crashbreaker, yomwe ndi kuphulitsa galimoto yanu. Musathamangire kuiphulitsa. Dikirani mabasi ndi mathankala aunjikane pafupi nanu, ndipo kumbukirani kuti kuphulikako kumakuponyani m'mwamba, pomwe mutha kuwongoleranso ndi aftertouch. Mwayi wachiwiri wofikira x4 ndi umenewo. Mu Burnout Revenge ya 2005 zizindikirozi anazichotsa, ndipo anabweretsa zoti mutha kugunda kumbuyo magalimoto ang'onoang'ono olowera kumodzi nanu osachita ngozi. Wozolowera Revenge akabwerera ku Burnout 3 amaphwanyika pa galimoto yoyamba yomwe, chifukwa kuno ukaigunda ndi ngozi basi.

Gemuyi imazunza makina, ndipo mbali imeneyi ndi ya woyang'anira. Batani la X limakanikizidwa mpikisano wonse, choncho kamphira ka pansi pake kamang'ambika msanga. Chizindikiro chake ndi galimoto yosafika pa liwiro lake ngakhale wosewera akanikize bwanji. Masulani tizomangira ta kumbuyo kwa padi, sinthani kamphirako ndi ka padi ina yakufa, ndipo musataye padi yowonongeka chifukwa ndiyo nkhokwe ya zipangizo. R1 imatsatira pambuyo pake. Kandodo kakayamba kukokera mbali imodzi kokha, padi imeneyo ichoke pa Burnout, poti pa liwiro lotere kupatuka pang'ono ndi ngozi.

Chimbale chimawerengedwa nthawi yonse chifukwa cha nyimbo ndi mawu a DJ Stryker wa pa Crash FM, wailesi ya mugemumo, ndiye chikakandika nyimbo zimayamba kudukaduka, kenaka gemu imaima ikamatsegula mpikisano. Pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pabowo la pakati kupita kunja, osati mozungulira. Makina akamalemba kuti Disc Read Error pa zimbale zonse, vuto ndi kadiso kowerengera. Zimitsani, zulani chingwe kukhoma, ndipo mukapukute mopepuka ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi spirit, n'kudikira kaume. Fumbi la mu Okutobala limatseka timabowo totulutsira mpweya, ndipo PlayStation 2 yopyapyala ija imatentha msanga, choncho ikhale pa thabwa, osati pa nsalu kapena pamwamba pa TV. Nthawi ya mvula ya kuno ku Zomba mdani ndi chinyezi ndi ziphaliwali. Kukayamba kugunda kuphiri, zulani zonse.

Chopweteka kwambiri ndi memory card, kakhadi kosungira pomwe mwafika mugemu. Ili ndi 8 MB, ndipo gemu imasunga yokha mukamaliza mpikisano. Magetsi akathima ili mkati mosunga, fayilo imatha kuwonongeka, magalimoto onse omwe anatsegulidwa n'kupita. Makina ali ndi malo a makhadi awiri, ndiye yatsani makinawo popanda chimbale, lowani pomwe palembedwa Browser, koperani fayiloyo ku khadi lachiwiri kumapeto a sabata iliyonse, ndipo khadilo likhale m'kabati, kutali ndi manja a makasitomala. Amene mukuseweretsa gemuyi pa ma TV apyapyala a masiku ano, fufuzani Game Mode mu settings za TV ndi kuiyatsa. Popanda imeneyo chithunzi chimachedwa pang'ono kutsatira chala, ndipo wosewera amakhota nyali zoyera zija zitamufika kale.