Kilatchi yandionetsa zakuda lero

Lachiwiri usiku. Ndikulemba manja akununkhabe brake fluid ngakhale ndasamba ndi sopo kawiri, ndipo mwendo wakumanzere ukuchita kunjenjemera wokha chifukwa cha kuponda.

Vutoli silinayambe lero ayi. Kwa sabata ziwiri Corolla yanga ya 1998, yomwe ana kunyumba amangoitcha "agogo", yakhala ikulira kuti khrrr ndikamalowetsa rivesi. Ine ndinkangoti ndi ukalamba. M'mawa uno ndiye yandichititsa manyazi pagulu. Ndimapita ku Limbe kudzera mu Masauko Chipembere Highway, ndipo pa raundabauti ya Chichiri panali mdipiti wa magalimoto monga mwa masiku onse. Ndinaima nditaponda kilatchi, giya ili pa 1. Mwadzidzidzi ndinangoona galimoto ikukwawa pang'onopang'ono kulunjika minibasi yomwe inali kutsogolo, phazi langa lili chipondere mpaka pansi. Ndinaponda buleki, injini nkunjenjemera, nkuzima. Kumbuyo mahutala ali pii pii, kondakitala wina nkukuwa kuti, "Madala, laisensi munagula kuti?"

Chodabwitsa nchakuti injini itazima, giya inachoka bwinobwino. Nditapopa pedulo katatu kanayi ndi kuliza, inalowanso, ndipo ndinakwanitsa kufika pa kagalaja kena m'mbali mwa msewu. Mnyamata wa pamenepo sanatsekule nkomwe boneti. Anaponda pedulo kamodzi, nkupukusa mutu. "Bwana, apa clutch plate yatha. Titsitse giyabokosi, tiike kiti yonse." Kiti yonse ndiye kuti zitsulo zitatu za kilatchi: clutch plate (mbale yolumikiza injini ndi giyabokosi), pressure plate ndi release bearing, kuphatikiza ndalama ya ntchito ya tsiku lathunthu. Mtengo womwe anatchula unandiumitsa kukhosi. Sindikuti amafuna kundibera. Mwina ndi zomwe anazolowera kuona.

Ndinapatukira pambali ndi kuimbira alamu anga a ku Ndirande, omwe akhala pa umakaniko zaka zambiri mpaka maso kuyamba kuwavuta. Sanachuluke zonena, anangondifunsa mafunso.

"Injini ikazima, magiya akulowa onse?"

"Akulowa."

"Nanga pa chitunda, injini imakuwa galimoto osathamanga? Mwamvapo fungo lopserera?"

"Ayi, imakoka bwinobwino."

"Ndiye alamu musalole munthu amasule nati ngakhale imodzi. Bwerani nayo kuno. Pamaloboti muziika pa nyutilo, musamaipondereze kilatchiyo."

Ndinawapeza atakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango. Anayamba ndi kundifotokozera kuti kilatchi ikavuta, imavuta njira ziwiri zosemphana. Ina imatsetsereka, kulephera kugwira, ndipo imeneyo nthawi zambiri imakhaladi plate yodyeka. Ina imakana kusiya: waponda, koma injini ikuzunguzabe giyabokosi. Yanga inali yachiwiriyi. Rivesi ndiyo imayamba kuulula chifukwa pa giyabokosi ngati iyi ilibe synchro, kachitsulo kofananitsa liwiro la magiya asanalumane. Magiya opita kutsogolo amabisa vutolo kwa kanthawi, rivesi singabise.

Kuti titsimikize za plate, anandiuza ndikoke handibuleki, ndipope pedulo, ndiike giya 4, kenako ndisiye kilatchi pang'onopang'ono. Injini inazima nthawi yomweyo. "Mwaona? Plate yotha ikanangotsetsereka injini nkumalirabe. Iyi ikugwira ngati ya mnyamata."

Kenako tinatsekula boneti. Galimotoyi ilibe waya wokoka kilatchi ngati zina zakale. Ukaponda pedulo, kandodo kamakankha pisitoni mu master cylinder, mafuta nkudutsa m'kapaipi kupita ku slave cylinder yomangidwa pa giyabokosi, ndipo iyoyo imakankha foloko yomwe imamasula kilatchi. Ine ndinkayembekeza kuti kabotolo ka mafuta tikapeza kali mbee, koma kanali kodzaza pafupifupi pa mzere wa MAX. Mafuta akewo ndiye anali bii ngati tiyi wopanda mkaka wogona. Alamu anaviika chala, nkutikita pa chikhato, pakutsala timizere takuda. "Uyu ndi labala, wasungunukira m'mafuta. Munasintha liti?" Ndinangoseka. Chigulireni galimotoyi sindinaganizepo zoti kilatchi nayo ili ndi mafuta ofuna kusintha. Akuti mafutawo ndi brake fluid yemweyo wa mabuleki, yemwe amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo pakapita zaka ziwiri amayenera kutayidwa, apo ayi madziwo amadya mkati mwa silinda.

Anandituma kugwada pansi pa chiwongolero ndi tochi ya foni kuti ndione pomwe kandodo ka pedulo kamalowera, komanso kukhudza kapeti. Master ikamadontha chakumbuyo, mafuta amatsikira pamenepo, ena amangozindikira nsapato ikuterera. Panali pouma. Iwo anapita ku slave, nkusenda kalabala kophimba fumbi ndi sikuludiraiva. Namonso mouma. Anatsata paipi yonse ndi chala, makamaka gawo lofewa lija lomwe likakalamba limatha kufufuma ngati chibaluni munthu akaponda. Panalibe kanthu.

Apa ine mtima unayamba kubwerera kwa mnyamata wa ku galaja uja. Ngati palibe podontha, mafuta ali odzaza, ndiye kuti vuto lili m'kati mwa giyabokosi basi. Alamu anangoti, "Bwerani kuno mudzaone ndi maso anu." Anaitana mwana wawo wamkulu kuti akhale pa mpando wa dalaivala, ine ndi iwo titawerama pa slave, dzuwa la Okutobala likutiotcha msana.

"Ponda, usasiye!"

Kandodo ka slave kanatuluka, foloko nkusuntha ndithu. Alamu anaika chikhadabo pambali pake ngati chizindikiro. Tinadikira. Poyamba sindinaone kalikonse. Kenako ndinaona kandodo kaja kakubwerera, pang'onopang'ono ngati nkhono yolowa m'chigoba, mpaka foloko inatsala pang'ono kufika pomwe inachokera. Ndinasuzumira m'galimoto kuti mwina mnyamatayo watopa, koma phazi linali pansi penipeni.

"Si zomwe zinakuchitikirani pa Chichiri izi?" anatero alamu. Labala wa pisitoni ya master watha, ndiye mafuta m'malo mokhala otsekeredwa kutsogolo akuzemba m'mbali kubwerera m'kabotolo. Kunja sikudontha dontho ngakhale limodzi, nchifukwa chake mulingo sukutsika. Ukaponda mwachangu, labalayo amatambasuka nkugwira kwa kamphindi. Ukapondereza nthawi yaitali pa mzere wa magalimoto, amalekerera. Ukanakhala mpweya chabe m'mapaipi, pedulo ikanamveka wofuwofu ngati siponji ndipo kandodo kakanayenda pang'ono chabe kuchokera pachiyambi, koma sikakanabwerera chonchi.

Achemwali anatiitanira nsima ya usipa ndi chisoso. Tili pakudya alamu anandiuza kuti ndili ndi mwayi kuti slave yanga ili panja. Magalimoto ambiri atsopano slave imakhala m'kati, yolumikizana ndi release bearing, moti ikangodontha giyabokosi imatsika ndithu, palibe kuchitira mwina. Anandichenjezanso za anthu omwe akasowa brake fluid panjira amathira ATF (mafuta a giyabokosi ya otomatiki) kapena oyilo wa injini. Malabala onse amafufuma, pakutha masiku ochepa umagula master ndi slave pamodzi. Pa chivindikiro cha kabotolo kanga palembedwa mtundu wa brake fluid woyenera, DOT 3. DOT 4 amalowa popanda vuto, koma DOT 5 ndi mtundu wina, sasakanizidwa.

Titamasula master, ine ndinkafuna tingogula timalabala tokha poti ntotsika mtengo. Alamu anayang'anitsa silindayo kudzuwa nkundipatsa. M'kati munali timaenje ndi mzere wokandika kutalika kwake konse. "Labala watsopano mukamuika umu, Khirisimasi safika." Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe yakaleyo ili m'jumbo. Sitolo yoyamba anandipatsa ina yooneka chimodzimodzi koma pomangira paipi pali mbali ina. Ndikanapita chimanjamanja ndikanabwerera nayo. Yachitatu ndi yomwe inali nayo yofanana, ya mitundu iwiri, ndipo ndinatenga yodulirapo mtima ukuwawa.

Kubulida, kuchotsa mpweya m'mapaipi, ndiye kunatidyera nthawi. Alamu anayamba adzaza master ili m'manja, kukankha pisitoni mpaka thovu litasiya kutuluka, kenako nkuimanga. Anaphimba penti ndi chisanza chonyowa, poti brake fluid akadonthera amasupula. Pa kanati kobulidira ka pa slave anavekapo kapaipi koonekera, mbali ina nkuiviika m'botolo la Sobo lokhala ndi mafuta pang'ono. Ine pa pedulo, mwana wawo pa kabotolo kuonetsetsa kuti kasaume.

"Popani! Gwirani pansi! Musasiye alamu! Siyani tsopano."

Ulendo wina ndinasiya asanatseke kanatiko, mpweya nkubwereramo. Anandiyang'ana mwa pansi pa magalasi osanena kanthu, ndipo tinayambiranso. Pedulo nthawi zina imakakamira pansi, ndimachita kuikoka ndi dzanja. Titabwereza kambirimbiri, m'kapaipi munayamba kuyenda mafuta oyera opanda thovu, ndipo pedulo inalimba mwakuti ndinazindikira kuti ndakhala miyezi ndikuyendetsa chinthu chofooka osadziwa.

Chomaliza anagona chagada pansi pa chiwongolero nkusintha kutalika kwa kandodo ka pedulo kuti pakhale kampata kochepa isanayambe kukankha. Akuti ukakamangitsa, pisitoni imatseka kabowo kobwezera mafuta m'kabotolo, galimoto ikatentha kilatchi nkuyamba kutsetsereka, munthu nkukagula plate yosalakwa. Tinayesanso kupondereza kwa mphindi yathunthu. Kandodo ka slave sikanasunthe pa chikhadabo chawo. Rivesi inalowa mwakachetechete.

Ndalama anakana. Ndawasiyira ya mayunitsi a magetsi kudzera kwa achemwali, adzakangane okha. Pobwerera kilatchi imagwirira m'mwamba kusiyana ndi momwe phazi linazolowera, moti ndazimitsa galimoto kawiri, pa Ginnery Corner ndi pa geti pakhomo pano, ana akuonerera. Alamu ati slave ndi ya msinkhu umodzi ndi master yakaleyo ndipo yakhala ikumwa mafuta akuda omwewo, choncho Loweruka ndisendenso kalabala kaja ndione ngati sikananyowe.