Galimoto yamagetsi ndaikonda, koma kumudzi ndikafika nayo bwanji?

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Loweruka tinapita ku Sandton kukayesa BMW iX ndi Mercedes EQB. Amayi a kunyumba akomedwa ndi EQB chifukwa ilipo ya mipando 7, ana atatu ndi agogo awo onse kukwana. Ine mtima wagwera pa iX. Ikamanyamuka ili chete, kumbuyo mwana wathu wamng'ono n'kufunsa kuti, "Adadi, mwailiza kale?"

Mtengo wokha ndi wobaya, poti boma la kuno limalipiritsa msonkho wa 25% pa galimoto zamagetsi zochokera kunja.

Chondisowetsa tulo ndi kutchaja. Pakhomo palibe vuto, tili ndi sola, ndipo usiku umodzi batire imadzaza. Nkhani ndi panjira. Mwezi watha ndinaperekeza mnzanga pamolo ina: tchaja imodzi yakufa, pa inayo wina waimikapo galimoto yapetulo n'kulowa kukagula zinthu. Tinakhala pamenepo tikungoyang'anana mpaka dzuwa kupendeka. Tchaja yothamanga ikakhala bwino, theka la ola basi wafika 80%, koma uipeze kaye ili yamoyo!

Ulendo wa ku Durban sindikuwopa, pa msewu wa N3 ungatchaje ku Harrismith. Nanga wa kumudzi mu Disembala? Kukafika pa Beitbridge pokha ndi makilomita oposa 500, kenako Harare, Tete, mpaka pa Mwanza. Ku Tete ndikapempha soketi kwa ndani?

Amene muli nayo kale, mumatani? Kapena Fortuner yakaleyi ndisaigulitse?