Chisakasa cha bwana ndi pepala langa lakuda

Kwathu ku Kasungu mukafunsa munthu wodziwa kumanga chigafa cha fodya chosadontha, akulozerani pakhomo pa bambo anga, ndipo bambo angawo akulozerani ine. Ndayambira pamenepa kuti mudziwe kuti amene anachita manyazi ku Johannesburg mu Okutobala 2024 sanali mbuli pa zomangamanga ayi. Anali katswiri, ndipo chimene chinamugwetsa ndi ukatswiri womwewo.

Ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Glenhazel, dera lokhala Ayuda ambiri, kumene Loweruka m'mawa misewu imadzaza ndi anthu oyenda pansi atatchena, magalimoto ali duu m'magalaja. Nthawi imeneyo ndinali nditangotha miyezi isanu ndikugwira ntchito pabanja lina lachiyuda. Zina ndinali nditazolowera, monga zoti kukhitchini kuli masinki awiri, ina ya ziwiya za nyama ina ya za mkaka, ndipo kasupuni kakasochera imakhala nkhani yokambirana pabwalo. Koma chikondwerero chawo chotchedwa Sukkot ndinali ndisanachionepo.

Tsiku lina madamu anandiitana pakhonde foni ili m'manja. Anati chisakasa chawo chamatabwa chinadyedwa ndi chiswe, ndiye chaka chino agula chopangiratu, chobwera m'makatoni. Chisakasacho amachitcha sukkah. Chaka chilichonse, pakangopita masiku asanu kuchokera pa Yom Kippur, tsiku lawo lalikulu losala kudya, banja lonse limasiya nyumba yabwinobwino n'kumakadyera panja mumsasa kwa masiku asanu ndi awiri, ena mpaka kugona momwemo.

"Aa madamu, chikondwerero cha misasa! Levitiko 23!" ndinatero modumphira.

Madamu anatong'ola maso. Ndine mwana wa mkulu wa mpingo ine, Sande sukulu sindinkajomba. Anandiyamikira, anakauzanso bwana, ndipo kuchokera pamenepo mutu wanga sunakwanenso m'chipewa.

Tinayang'ana zithunzi limodzi. Panali cha matabwa akuluakulu omangirira ndi mabawuti, cholimba koma cholemera ngati mlandu. Panali kena kakang'ono kodzitambasukira kokha ngati neti ya udzudzu, ka munthu wapaulendo. Ndiye panali cha mapaipi achitsulo olowetsana, makoma ake a chinsalu chokhuthala chonga cha tenti. Madamu anakonda chimenechi, koma ankafuna chokwana anthu 12, choncho anandituma ndikayeze pamalo owaka kuseri kwa khitchini.

Tepi yoyezera inali m'shedi. Shediyo inali apo pomwe, koma katswiri sathamangira tepi. Ndinaponda mapazi, imodzi, ziwiri, mpaka zisanu ndi chimodzi, n'kubwerera.

"Cha mamita 6 chikwana, madamu, malo atsalanso."

Ndinaiwala kuti bambo anga, amene anandiphunzitsa kuti kuponda kamodzi ndi mita, ndi munthu wamtali ngati mlongoti, pamene ine msinkhu ndinatengera kuchikazi.

Yom Kippur inagwa Loweruka pa 12, makatoni anafika Lolemba, ndipo chikondwerero chinkayamba Lachitatu pa 16 dzuwa likalowa. Bwana anati tidzamanga limodzi akaweruka Lachiwiri. Ine mumtima ndinati bwana ameneyu zala zake zimangodziwa kompyuta, ndimudabwitse. Onse atachoka Lachiwiri m'mawa ndinaimbira mlamu wanga amene amagwira ntchito misewu itatu kuchokera pamenepo.

M'katoni munali kabuku ka malangizo, kazithunzi ndi manambala. Mlamu anakatola.

"Alamu, tiyambe tawerenga aka."

"Alamu, zigafa zingati mwamanga inu?"

Kabukuko tinakatsamiritsa pansi pa mwendo wa tebulo lomwe linkagwedera.

Titayala mapaipi pansi, mita yathunthu inalowa m'maluwa a madamu. Ndinakanda m'mutu pang'ono, kenaka nzeru zinabwera. Kumapeto kwa bwalo kuli mtengo waukulu wa jakaranda, ndipo mwezi umenewo ndi umene mitengo imeneyi imachita maluwa, mzinda wonse n'kusanduka wapepo. Mthunzi wake wozizira bwino. Kodi ku Malawi alendo olemekezeka timawakhazika kuti ngati si pansi pa mtengo? Ndinadziuza kuti kulakwa kwanga kwapindulitsa banja lino.

Mapaipi analowetsana mosavuta, ngakhale awiri anatsala osadziwika kwawo. Tinakulunga chinsalu kuzungulira, kumanga zingwe zonse mwamphamvu, n'kubwerera m'mbuyo kuti tisirire. Mlamu anazungulira kamodzi, anazunguliranso kachiwiri.

"Alamu, azilowera pati?"

Khomo linali litayang'ana kumpanda, mpata wake woti angadutse ndi mphaka yekha. Mlamu anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, akuti kuyambira ali mwana amamva zoti ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo, koma sankadziwa kuti ndadziwakaleyo adakwatira mlongo wake. Tinamasula, tinatembenuza, ola lathunthu linapita.

Kenaka tinafika padenga, ndipo apa mtima wanga unawawa. M'katoni yaitali munali timatabwa tingapo ndi mphasa ya nsungwi, yolukidwa motayana moti ukaiyang'anitsa kudzuwa umaona kunja. Basi. Ndinagwedeza katoniyo, ndinasuzumiramo, lona munalibe.

"Anthu awa awabera," ndinatero. "Agula nyumba ndalama zambirimbiri, awapatsa sefa."

Amene anakhalako ku Joni akudziwa mvula ya mwezi umenewu. Kumacha bwinobwino, masana kumatentha, cha m'ma 4 koloko kumwamba n'kuda bii, ziphaliwali, nthawi zina matalala. Mwana wa bambo anga sakanalola kuti mabwana ake anyowere m'nyumba yomanga iye. Ndinathamangira kuhadiweya n'kugula pepala lapulasitiki lakuda, lokhuthala, lomwe lija timayala pansi pa udzu tikamafolera chigafa. Ndalama zake zinali zanga, zimene ndinkafuna kutumiza kumudzi za feteleza. Tinayala pepalalo, mphasa pamwamba kuti lisaoneke, n'kumanga zonse ndi waya. Ndinakwera pamakwerero ndi ndowa yamadzi n'kukhuthula. Mlamu ali m'kati anakuwa kuti ngakhale dontho. Ndinajambula chithunzi n'kutumizira bambo pa WhatsApp. Anayankha mawu awiri: "Magazi anga."

Bwana anafika usiku, mdima utagwa, sanapite kuseri. Ndinagona ngati mfumu.

M'mawa wa Lachitatu kunabwera agogo, bambo awo a madamu, nkhalamba yoyenda ndi ndodo imene makolo ake anachokera ku Lithuania monga makolo a Ayuda ambiri a ku South Africa. Banja lonse linawaperekeza kukaona ntchito yanga, ine patsogolo manja kumbuyo ngati nduna yotsegulira mlatho. Agogo analowa. Anayang'ana kumwamba. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anatukula ndodo n'kugogoda denga. Pepala linalira kuti phwa.

"Mwana wanga, ichi n'chiyani?"

"Chitetezo, agogo. Olo igwe ya matalala."

Bwana anagwira kumaso. Madamu anatembenuka n'kuyang'ana kumpanda, mapewa akugwedezeka. Agogo anapempha mpando, anandiuza ndikhale pandowa, n'kuyamba kundiphunzitsa modekha ngati wodwala.

Anati m'chisakasa chonsechi chinthu chachikulu ndi denga, limene amalitcha schach. Makoma atha kukhala a chilichonse, nsalu, matabwa, ngakhale khoma la nyumba, bola akhalepo atatu. Koma denga liyenera kukhala la zomera m'nthaka zimene zadulidwa: nsungwi, bango, makhwatha a kanjedza, nthambi. Pulasitiki ayi, malata ayi. Lichuluke mthunzi kuposa dzuwa, koma lisathinane mpaka mvula kulephera kulowa, ndipo ndi bwino kuti usiku munthu aziona nyenyezi m'mipata. Likakhala lolimba ngati la nyumba, ndiye kuti wangosamuka m'nyumba ina kulowa m'nyumba ina. Makolo awo atatuluka ku Iguputo anakhala m'chipululu zaka 40 opanda denga lodalirika, ndipo sabata imeneyi munthu amayenera kulawako zimenezo.

"Ndiye kuti lizidontha, agogo?"

"Lizidontha."

"Mwadala?"

"Mwadala."

Zaka zonse zimene ndakhala ndikumanga, palibe anandilembapo ganyu yoti denga lidonthe. Ena amadonthetsa, inde, koma amathawa mwini wake asanaone.

Ndinati chabwino, pepala tichotsa, mphindi khumi zokha. Agogo analozanso ndodo m'mwamba, kupitirira denga, kumene maluwa apepo ankayoyoka. Sukkah iyenera kukhala pansi pa thambo lenileni. Ikakhala pansi pa mtengo, mthunzi ndi wa mtengowo, ndipo mtengo sunadulidwe. Mthunzi umene ndinkanyadira uja ndiwo unali mlandu wachiwiri.

Ndinafunsa mwaulemu ngati mwina vuto lenileni n'loti wamanga ndi ine, munthu wa mtundu wina. Agogo anakana ndi mutu. Anati m'Talmud, buku lawo lakale la malamulo achiyuda, munalembedwa kuti chisakasa chomanga munthu amene si Myuda n'chololedwa, ngakhalenso chimene anamangira ng'ombe, bola chifoleredwe moyenera. Iwo ankati akunditonthoza. Ine ndinangomva zoti khola la ng'ombe likanakhoza mayeso amene katswiri wa ku Kasungu walephera.

Nthawi inali itathina. Dzuwa likalowa palibe wogwiranso ntchito, ndipo chaka chimenecho masiku awiri oyamba a chikondwerero, Lachinayi ndi Lachisanu, ankalumikizana ndi Sabata. Chimene chikanalephereka Lachitatu chikanadikira mpaka Loweruka usiku, ndipo kundituma ine kuti ndiwagwirire pamasiku amenewo malamulo awo salolanso. Alendo 12 anali ataitanidwa kale.

Malo okhawo opanda mtengo oti n'kukwana mamita 6 anali pakapinga, pakati pa dziwe losambiramo ndi mpanda. Bwana anati tiphwasule chonse tiyambirenso, motsatira kabuku. Anafunsa kumene kabukuko kali. Ndinasintha nkhani msanga.

"Bwana, osavutika. Kwathu denga la nkhokwe timalimangira pansi n'kulinyamula lathunthu. Amuna anayi basi."

Munthu amene walakwitsa katatu m'masiku awiri samayenera kumveredwa, koma bwana anayang'ana wotchi n'kuvomera. Tinatsitsa mphasa ndi pepala. Ndinaitananso mlamu. Aliyense anagwira ngodya yake: ine, mlamu, bwana atavala masilipasi, ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka 15. Ndinayambitsa nyimbo yokokera ngati tikukweza denga kumudzi, mlamu akuvomera, ndipo chinyumbacho chinanyamuka bwinobwino. Agogo anaombera m'manja.

Chimene nkhokwe ilibe ndi makoma a nsalu. Titafika pakati pa bwalo kunabwera kamphepo, chinsalu chija chinafufuma ngati thanga la bwato la ku Nkhotakota, ndipo chisakasa chinayamba kutitsogolera ife. Apa m'pamene ndinadziwa ntchito ya mapaipi awiri otsala aja. Chinapendekeka, ngodya ya kumwamba inakagunda waya wamagetsi wa pamwamba pa mpanda.

Chitsulo sichisankha mtundu. Tonse anayi tinalandira mofanana, Myuda ndi Mchewa, bwana ndi wantchito. Bwana anakuwa mawu amene sindinawamvepo pabanja lopemphera lija. Alamu yapampanda inayamba kulira, alamu anga nawonso akulira, ataponya ngodya yawo n'kuthawira m'maluwa. Ine ndinabwerera m'mbuyo kamodzi, kawiri, kachitatu phazi silinapeze nthaka.

Achitetezo a m'deralo atafika ndi mfuti zawo anapeza chinyumba chitagwada pakapinga, bwana akusaka silipasi, nkhalamba ikuseka mpaka kutsokomola, ndi munthu mmodzi ali m'dziwe madzi m'khosi atakumbatira paipi. Mmodzi anandifunsa ngati ndimakhala pompano. Ndinaganiza kaye ndisanayankhe.

Kabuku kanatuluka pansi pa mwendo wa tebulo. Mwana uja ankawerenga, ine katswiri ndikumvera, zovala zikudontha. Makoma anayamba, timatabwa pamwamba pa zitsulo, kenaka mphasa pamwamba pa timatabwa, yomangidwa ndi chingwe wamba. Ana anapachika zithunzi ndi maunyolo a mapepala. Tinamaliza dzuwa lili pafupi kulowa, madamu akuyala mbale ife tikutola zida. Za chipatso chonga ndimu chotchedwa etrog, chimene amachisunga m'kabokosi ngati dzira ndipo ine ndinatsala pang'ono kuchifinyira m'tiyi, ndidzakuuzani tsiku lina.

Mvula inadikira masiku angapo. Inabwera madzulo ena anthu atangokhala pansi, supu ili m'mbale. Agogo anali atandiuza kale kuti ikagwa yoti n'kuwononga chakudya, lamulo limalola kuthawira m'nyumba. Ndinaima pakhomo pa kachipinda kanga nditafunda pepala langa lakuda, wouma ngati chimanga cha m'nkhokwe, ndikuonerera alendo 12 akuthamanga ndi mbale, mipando ndi makanda. Omaliza kutuluka anali agogo, pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, madzi akutsika m'ndevu. Atafika pamene ndinaima anandiyang'ana, anayang'ana pepala, ine ndinatsegula pakamwa.

"Usayerekeze," anatero. Kenaka anagwira nsonga ya pepalalo n'kulowa pansi pake, ndipo ndinawaperekeza mpaka kukhitchini.