Lachinayi: kuchipatala, kenako kuchigayo

Ndadzuka mbandakucha chifukwa lero achimwene amakamva zotsatira. Tinakumana pa siteji ya minibasi, iwo ali ndwii, foni ili m'manja koma osaiyang'ana. Njira yonse sanatulutse mawu.

Miyezi isanu ndi itatu akhala akuona magazi akapita kuchimbudzi, osauza munthu. Ankati ndi mudzi, n'kumagula mankhwala opaka. Alamu ndiwo anazindikira ataona kuti m'manja mwawo mwayera komanso akupuma mwawefuwefu akangokwera kamtunda kapafupi ndi nyumba. Sabata ziwiri zapitazo anawaunika m'matumbo ndi kachubu kokhala ndi kamera, n'kupeza tizotupa tiwiri m'matumbo aakulu, n'kutidula pomwepo.

Adokotala atatsegula faelo anati, "Bambo, mwachita mwayi. Tizotupa tija tinali tisanasanduke khansa." Achimwene anangowerama. Ine misozi inalengeza. Anatifotokozera kuti khansa ya m'matumbo kawirikawiri imayamba ngati kanjerewere kotere, kamene kamakula mwakachetechete kwa zaka ngati 10. Kukachotsa msanga ndiye kuitsekera njira.

Kenako anawafunsa zimene amadya. Achimwene amakhala pampando m'shopu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. M'mawa ndi buledi ndi poloni, masana chipisi ndi soseji pachiwaya, Loweruka kanyenya ndi mowa. Pofotokoza ankaoneka kuti sakuonapo cholakwika, ndipo ndikuwamvetsa. Tinakula tikudya nyama pa Khirisimasi basi. Munthu akayamba kugwira kandalama, choyamba kusintha ndi mbale.

Zimene adokotala ananena ndinazimvapo kale koma lero ndiye zandilowa. Mu 2015 bungwe la IARC, nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, linaika nyama yokonzedwa ngati soseji, poloni ndi bekoni m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Kudya magalamu 50 tsiku lililonse, yomwe ndi soseji imodzi chabe, kumakweza chiopsezo cha khansa imeneyi ndi 18 pa 100 alionse. Si ya pa ukwati ija ayi, vuto ndi ya tsiku ndi tsiku. Nyama ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, a bungwe lina lofufuza za khansa la World Cancer Research Fund amati isapitirire theka la kilogalamu yophikaphika pa sabata. Mowa, fodya, kunenepa kwambiri ndi kusayendayenda zimawonjezera.

Koma chimene chandikhudza kwambiri n'chakuti chitetezo tili nacho kale pakhomo, timangochinyoza. Denis Burkitt, dokotala wa ku Ireland yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, anaona kuti anthu akumidzi sankadwaladwala khansa imeneyi ngati azungu, ndipo ankati chinsinsi chili mu zakudya zosapuntha. Azaumoyo amati faiba: gaga wa chimanga, makoko a nyemba, mitsitsi ya masamba. Zimenezi zimathandiza kuti chimbudzi chisachedwe m'mimba, komanso tizilombo tabwino ta m'matumbo timazisandutsa chakudya cholimbitsa khungu la m'kati mwa matumbomo. Mu kafukufuku amene anatuluka mu 2015, anthu akuda 20 a ku Pittsburgh ku America anasinthana zakudya ndi anthu 20 akumidzi ya ku KwaZulu-Natal kwa sabata ziwiri zokha. Aku America, atadya zachimanga ndi nyemba, kutupa kwa m'matumbo mwawo kunachepa. Akumudziwo, atadya nyama ndi zamafuta, kunakwera. Sabata ziwiri!

Titasiyana ndi achimwene ndinadutsa kunyumba, n'kutenga ndowa ya chimanga kupita nayo kuchigayo. Nditauza mnyamata wa pachigayo kuti asakonole, angogaya, anandiyang'ana kawiri. "Mgaiwa, amayi? Kunyumba kwagwanji?" Sindinakwiye naye, maganizo amenewa tonse tili nawo. Pakona panali matumba a gaga akudikira oweta nkhumba. Ndinaima n'kumawayang'ana, fumbi la ufa likundigwera m'tsitsi. Timakonola, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika, kugayitsa, ntchito yonseyo kuti nsima iyere mbee, chabwinocho n'kupatsa ziweto. Agogo athu ankadya mgaiwa, khobwe, nandolo, bonongwe, chisoso, ndipo kumunda ankapita wapansi. Ife tinazitcha zakudya za umphawi.

Madzulo ndinaphika mgaiwawo ndi nyemba ndi nkhwani wotendera. Mwana wanga wamng'ono anakwinya nkhope kuti nsimayo ikukanda pakhosi. Wamkulu anadya mitanda iwiri osayankhula. Nyama sindinailetse m'nyumba muno, koma poloni ya m'mawa yatha, azitenga mbatata ndi nthochi. Ndipo mawa ndikatsikira siteji yakumsika, kotsalako ndikayende wapansi m'malo mokwera kabaza.

Cha m'ma 8 koloko achimwene anaimba. "Achemwali, zija ananena adokotala potuluka mwazimva?" Ndinazimva. Anati m'bale wako wa bere limodzi akapezeka ndi zotupa zoterezi, nawenso chiopsezo chako chimakwera, choncho tonse tiyenera kukaunikidwa ngakhale sitikumva kupweteka paliponse. Ndili ndi zaka 47. Manyazi ndili nawo, mantha ndili nawonso. Ndawauza alamu kuti andiperekeze Lolemba ndikalembetse, ndipo mawa ndiimbira mng'ono wanga wa ku Johannesburg.